Kadontho Kofiira Kunsi kwa Poto

Ntcheu, Lachinayi madzulo

Tamanda mwana wanga,

Ukabwerako ku Kandeu komwe ndakukakamiza kukatsanzikana ndi azakhali ako, upeza kalatayi pa pilo. Usathamangire kukachipinda ka ziwiya. Ndakhoma, ndipo komwe kuli kiyi ndikuuza kumapeto. Vula nsapato, khala pansi, uwerenge modekha. Ndasankha kulemba chifukwa ukundidziwa mayi ako. Ndikafuna kunena za mumtima ndi pakamwa ndimayamba ndi kukalipa n'kumaliza ndi kulira, mawu enieniwo osanenedwa. Nyamakazi yandigwira zala lero, ndiye zilembo zikhala zokhotakhota, upirire nazo.

Mawa ndi tsiku lako lopita ku Lilongwe. Mnzako Esinati wapeza kale malo ophikira, ndipo Loweruka la sabata yamawa muli ndi chinkhoswe choyamba chophikira m'dzina lanu. Koma dzulo ndinakuona. Unkayesa kuti ndili kudimba, pamene ndinali kuseri kwa khola. Mapoto amene tinamanga limodzi m'matumba unawamasula n'kuwabwezera pashelefu. Nditakufunsa unati, "Amayi, ndikatenga awa inu muziphikira chiyani? Nanga ndi manja anuwo, azikunyamulirani ndani? Ndimuimbira Esinati apeze wina, ine ndidzapita chaka chamawa." Chaka chamawa chimenecho unachinena chaka chatha, unachinenanso chaka chinacho. Esinati sangadikirenso, ndipo sindingamunene. Ukapanda kukwera minibasi ya mawa mwayi umenewu wapita, ndipo udzakalamba ukukwecha mapoto a mayi ako. Ndiye mvera ndikuuze za ziwiya zimenezi mmene ndinaziphunzirira. Iwe unakaphunzira zophikaphika kusukulu, uli ndi pepala. Ine sukulu yanga inali manyazi, ndipo sindinajombepo.

Ndiyambe ndi mapoto. Ukwati woyamba umene ndinaphikira unali wa mwana wa aphunzitsi ena kuno ku Boma, iwe uli kumsana. Poto wamkulu ndinali naye mmodzi yekha, Jubeki, wachitsulo wa miyendo itatu uja. Ena onse ndinabwereka kwa amayi a kumpingo, uku ndikudzitama kuti ndine wochenjera, ndayamba bizinesi osagula kanthu. Mpunga uli pamoto, madzi atangoyamba kuphwa, anatulukira mayi wina mwini poto, thukuta lili kamukamu. "Pepani a NaNdau," anatero, "kwathu kwafika alendo a kuchimuna, ndikufuna poto wanga." Ndinadandaula, ndinagwada, koma mwini ndi mwini. Mpunga wosapsa tinaukhuthulira m'beseni, ndipo mmene timapeza poto wina unali utalowa madzi. Poto winayonso anali wopyapyala kunsi, anapsereza. Anthu anadya mpunga wonunkha utsi akuyang'ana pansi. Akuluakulu sananame kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Amene anandipulumutsa ndi a NaNgozo, omwewa umawatcha amayi aang'ono, ndipo tsiku limenelo sindinkawadziwa n'komwe. Anachoka pakati pa alendo, anamanga nsalu pamwamba pa diresi la ukwati, anakoleza moto wina n'kundiuza kuti, "Pukutani misozi, ndiwo zisapserere nazo." Choncho, Tamanda, yamba ndi zochepa koma zikhale zako. Pogula poto usaone kuwala. M'tembenuze, um'gogode kunsi ndi chala, ndipo akalira ngati chitini m'siye. Usatuluke m'sitolo wopanda chivundikiro chom'kwana bwino, chifukwa chikasiya mpata mpunga umapsa mbali imodzi.

Za Jubeki ukudziwa pang'ono chabe. Agogo ako aamuna, bambo anga, anakhala zaka zambiri ku migodi ya ku Joni, ndipo ntchito yawo inali yophikira anzawo kukomboni. Anzawo pobwerera ankabwera ndi njinga, mawailesi ndi majekete. Iwo anatsika basi pamsewu waukulu atasenza poto. Mudzi wonse unaseka. "A Ndau, zaka zonsezi mwakatenga mphika?" Iwo ankangoti, "Wailesi idzatha mabatire, uyu adzadyetsa zidzukulu zanga." Ndi iwowo amene anandisemera mthiko wautali uja, wofika pachifuwa. Ine ndinauona ngati wa manyazi, wonga mtengo wothyolera mango, ndiye tsiku lina popita kukaphikira ukwati ndinausiya kunyumba n'kutenga mthiko wanga wa tsiku ndi tsiku. Chipsera chili pamkono wanga wamanjachi, chimene unkachisisita uli mwana, ndinachitenga tsiku limenelo. Phala la anthu ambiri silithovola, limalumpha. Agogo ako ataona bandeji anangotenga mthiko wautali uja n'kuutsamiritsa pakhomo panga. Mthiko wautali, chipande chachikulu, supuni zazitali zogawira, ndi nsalu zochindikala zophulira mapoto: zinthu zazing'ono, koma ndi zimene zimasunga khungu la munthu. Ukumva, Tamanda? Usamaphule poto ndi nsonga ya chitenje.

Tsopano za mbale. Zinthu zitayamba kuyenda ndinayamba kudzimva. Ndinalowa m'sitolo ya a Jafali kumsika n'kuloza mbale zagalasi zamaluwa, za mzere wagolide m'mphepete. A Jafali anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Mayi, izi ndi za m'kabati, zoonetsa alendo. Inu ntchito yanu ndi ya pamsewu. Tengani izi zosasweka." Ine ndinati mumtima, wamalonda uyu akufuna kundikankhira katundu wokanika kugulidwa. Ndinagula zamaluwa. Ntchito yotsatira inali chinkhoswe ku Kasinje, mvula itangogwa. Makatoni tinawaika kumbuyo kwa matola, pamwamba pake anthu n'kukhalapo. Njira yonse ndinkamva khocho khocho, ndikudzilimbitsa mtima kuti ndi mabotolo a munthu wina. Titafika n'kutsegula, zinali zidutswa zokhazokha. Inapulumuka imodzi, yomwe ija timaikamo shuga pa Khirisimasi. Ndinakhala pansi pamatope osadziwa chochita. Amayi a m'mudzimo, anthu osandidziwa, anabalalika khomo ndi khomo, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atasonkhanitsa mbale za mitundumitundu, zachitsulo, zapulasitiki, zina zobenthuka. Chinkhoswe chinatheka. Nditabwerera kwa a Jafali sanandiseke. Anangotsitsa zosasweka zija pashelefu ngati ndabwera koyamba. Kutauniko anthu adzafuna zonyezimira, zija zasiliva zokhala ndi kamoto pansi. Udzagule ndithu, koma pang'onopang'ono, chakudya chikayamba kukutchukitsa. Choyamba mbale zolimba, makapu olimba, mafuduwoma otseka bwino osungira chakudya chotentha, ndi mabokosi apulasitiki onyamulira. Zagalasi zikhale zochepa, za patebulo la akwati, uzizikulunga m'nyuzipepala n'kuzifungata pamiyendo pako.

Za firiji ndinalakwa limodzi ndi malemu abambo ako, ndiye manyazi ake tinagawana. Anaigula kwa munthu wina amene ankasamuka, n'kubwera nayo pangolo, akuyenda pambali monyada ngati akuperekeza mkwatibwi. Tinali ndi ukwati waukulu kutsogolo. Tinapha nkhuku zonse kudakali masiku, tinazilonga, tinatseka, tinagona tulo tabwino. Kunabwera chimphepo, mtengo unagwera mawaya, magetsi anathima osayakanso. Ife tinkangouzana kuti ayaka posachedwa. Kutatsala tsiku limodzi ndinatsegula, ndipo fungo linandibweza mpaka pakhomo. Ndinayamba kuganiza zozitsuka ndi mandimu, ndisakubisire. Abambo ako anati, "Ayi. Anthu akatsegula m'mimba sadzaiwala dzina lako." Anakumba dzenje kuseri kwa khola, anakwirira zonse, n'kunena kuti mapapaya athu chaka chimenecho abereka bwino. Kenaka anakwera njinga kuzungulira midzi kugula nkhuku zamoyo, ndipo achinansi anakhala pabwalo pathu kuthothola nthenga mpaka zonse zinatha. Mapapaya aja anaberekadi. Firiji ndi yabwino, ugule ukatha, koma usaikhulupirire yokha. Ukhale ndi bokosi lozizira lija la ayisi, ndipo udziwe amene amagulitsa nkhuku zamoyo pafupi. Motonso chimodzimodzi, uzikhala nawo wa mitundu iwiri. Gasi amatha osatsanzika, magetsi ndiye ukuwadziwa. Mbaula ndi thumba la makala zizikhala pakona nthawi zonse, ngakhale anzako azikuseka kuti ndiwe wa kumudzi. Ndipo nyama ukaikayikira, taya. Usaiwale, taya.

Pali cholakwa china chimene mpaka lero ndikachikumbukira nkhope imatentha. Ndinaitanidwa kukaphikira chinkhoswe cha mtsikana wa kumpingo kwathu, osafunsa kuti mwamunayo ndi wa kuti. Ukudziwa ife Angoni, nyama ikangofika pamoto nkhani yatha. Mbuzi anapha abambo ako, ndipo pambali ndinakazinga ya nkhumba pachiwaya chomwecho chimene ndinakazingira kachewere. Nthawi ya chakudya itakwana, a kuchimuna onse ankangotenga mpunga ndi kabichi, n'kuthokoza mwaulemu. Nyama yonse ili phwii m'mabeseni. Ine kudabwa, kulawa mchere, kulawanso. Mayi Asiyatu, akazi a a Jafali, anali pakati pa alendowo. Anabwera kuseri, anandikokera pambali n'kunong'ona kuti, "Achemwali, awa ndi Asilamu. Mbuzi anazinga ndani?" Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Anthu anayenda ulendo wautali n'kubwerera ndi njala chifukwa cha kusafunsa kwanga. Mayi Asiyatu sanakandinene kwa wina aliyense. Sabata yotsatira anandiitana kwawo, anandiphunzitsa mpunga wawo wa zonunkhira uja umene lero anthu amati ndi wa a NaNdau, ndipo anandiuza woti ndizimuitana kudzazinga. Kuyambira pamenepo chiwaya cha nkhumba chili pachokha, mpeni wake pawokha, thabwa lake palokha, ndipo kuntchito ya anthu osakanikirana sizipita n'komwe. Safunsa anadya phula, mwana wanga. Usanakoleze moto funsa kuti kubwera ndani, pali amene sadya chiyani, pali odwala shuga kapena ayi. Ufunsenso za madzi, chifukwa ndinafikapo pamalo pomwe mjigo unali utawonongeka, ine ndili ndi ndowa ziwiri. Diramu la madzi, ndowa ya mpopi yosambira m'manja, sopo, epuloni yoyera ndi duku kumutu. Anthu amayamba kudya ndi maso, ndipo amayamba kuona iweyo asanaone mbale.

Za kadontho kofiira ukuzidziwa, chifukwa nzeru imeneyi inali yako. Masupuni anga ankamera miyendo. Ukwati uliwonse ndinkabwerako ndi ochepa, ndipo ndinayamba kuyang'ana anthu ndi diso loipa, mpaka tsiku lina ndinatsala pang'ono kupisa m'chikwama cha mayi wina wachikulire. Iwe unali sitandade sikisi kapena seveni. Unatenga penti wofiira amene anatsala popaka chitseko, unathyola kamtengo, n'kunena kuti, "Amayi, anthu sakuba onse. Ena sadziwa kuti n'za ndani." Unakhala pakhonde Loweruka lonse kudontheza kunsi kwa mbale iliyonse, kapu iliyonse, pachigwiriro cha supuni iliyonse, mpaka Jubeki unam'gubuduza n'kum'dontheza pakati pa miyendo. Ine ndinakukalipira kuti ukuwononga penti. Pasanathe mwezi wakabaza wina anaima pakhomo ndi chipande changa, akuti anachipeza kwa apongozi ake ku Kandeu ndipo aliyense anati chofiira n'cha a NaNdau. Zinthu zinayamba kubwerera zokha, zina patapita chaka. Sindinakuthokozepo pa zimenezi. Ndikukuthokoza lero. Unandibwezera masupuni, komanso unandichotsera mtima wokayikira anthu, umene ukanandithera mabwenzi.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndakhala ndikuizungulira. Agogo ako pondipatsa Jubeki anaika lamulo limodzi: pamaliro poto ameneyu salipitsa, ndipo sakanizidwa. Zaka zonsezi anthu akhala akugogoda m'bandakucha, ndipo ine ndimangotsegula kachipinda. Sindikunama, nthawi zina ndinkanyinyirika. Ankabwerera ali mwaye wokhawokha, nthawi zina mochedwa, ine ndili ndi ntchito yolipidwa mawa lake. Ndinanenapo kwa abambo ako kuti lamulo limeneli likutibweza m'mbuyo, anthu a bizinesi sachita zotere. Iwo anangoti, "Kupatsa n'kuika," n'kupitiriza kupopa njinga yawo.

Tsiku limene abambo ako anatisiya ukulikumbukira mbali yako, chifukwa iwe unali nawo kuchipatala. Mbali yanga sindinakuuzepo bwinobwino. Ndinali ku Kasinje, m'mudzi womwe uja wa mbale zosweka, kuphikira ukwati, ziwiya zathu zonse zili pamoto. Foni yako itafika ndinangosiya mthiko m'poto n'kuyamba kuyenda, osadziwa kuti ndikulowera kuti. A NaNgozo anandithamangira, anandikweza njinga yamoto, n'kubwerera kukamaliza ntchito ya eni ake. Panjira, pakati pa kulira, ganizo lopusa linkandibwerera: anthu adzasonkhana pakhomo panga, pakhomo pa mayi wophikira dera lonse, ndipo palibe ngakhale poto mmodzi. Nditafika ndinapeza mafuwa aikidwa kale kuseri, mapoto a anthu ali pamzere, ena ochokera m'midzi imene ndinali nditaiwala kuti Jubeki anapitako. Mayi uja amene anandilanda poto mpunga uli pamoto anali pomwepo akuwaza nkhuni. A Jafali anatumiza thumba la mpunga ndi shuga. Ndipo kutacha, galimoto ya eni ukwati aja inaima pamsewu. Anali atatsuka ziwiya zathu zonse, osasowa ndi supuni yomwe, ndipo mayi a mkwatibwi, amene dzulo lake ankavina, anatsika atavala duku lakuda n'kuthandiza kusenza Jubeki mpaka pamafuwa. Maliro n'kulirana, Tamanda. Tsiku limenelo ndinamvetsa agogo ako, ndipo sindinanyinyirikenso.

Kuyambira pamenepo amene wanyamula nyumba ino ndiwe. Usaganize kuti sindinkaona. Manja anga atayamba kukana, unkadzuka ine ndisanadzuke n'kukwecha mapoto kuti ndipeze ntchito yatha, kenaka n'kunamizira kuti tulo tinakusowa. Pamaso pa anthu unkati, "Amayi ndiwo aphika," pamene ine ndinangolawa mchere. Anzako a kusukulu anapita kumatauni, ena kunja, iwe uli pano kuthamangitsana ndi akabaza kuti asagwetse mafuduwoma. Sunandiwerengerepo. Zikomo, mwana wanga. Zikomo chifukwa cha zaka zimenezi, ndipo ndikunena ndi mtima wonse. Mulungu anandipatsa anthu ambiri ondidzutsa ndikagwa, monga waonera m'kalatayi, koma palibe amene anandipatsa zaka za utsikana wake ngati iwe. N'chifukwa chake sindingalandirenso china. Ndikalandira chaka chinanso, pamenepo ndayamba kukubera.

Ukufunsa kuti ndiziphikira chiyani. Maukwati aakulu ndasiya, ndipo ndasiya ndi mtendere. Amene analembetsa kale tagwirizana kuti awatenge a NaNgozo ndi mpongozi wawo, ali ndi mapoto awoawo ndi misana yolimba. Ine ndizipita nawo ndi mpando wanga, kukhala pamthunzi n'kumalamula, ntchito imene ukudziwa kuti ndimaitha. Nyamakazi yagwira zala, lilime silinagwidwe. Pakhomo pano ndizikazinga mandasi ndi zitumbuwa za ana a sukulu, ndipo madzi azinditungira mwana wa achimwene, tinakambirana kale. Dimba lilipo, mbuzi zilipo. Sindifa ndi njala pakati pa anthu amene ndinawadyetsa zaka zonsezi. Chimene chingandidwalitse ndi kukuona ukuyang'ana minibasi zikudutsa pamsewu waukulu, monga umachitira ukamayesa kuti sindikuona.

Ndiye tamvera zimene ndachita, ndipo ukwiye ngati ufuna. Utangonyamuka m'mawa kupita ku Kandeu, a NaNgozo anabwera. Tinatulutsa zonse pabwalo. Ndinatenga penti wachikasu ndi kamtengo, ndipo pambali pa kadontho kofiira kalikonse ndinadontheza kachikasu, chizindikiro chako. Kofiira sindinafufute, kakhale pomwepo, anthu adziwe kumene unachokera. Madontho ena aterereka chifukwa cha manjawa, usawakonze. Atauma tinamanganso m'matumba mmene unamasulira muja. Lole ya a Jafali inali yopita ku Lilongwe ndi kachewere ndi kabichi, ndipo masana ano yanyamuka ndi katundu wako: mapoto ndi zivundikiro zake, mbale zosasweka, makapu, mafuduwoma, mbaula ziwiri, ndowa ya mpopi, mipeni, mthiko wautali wa agogo ako, ndi Jubeki. A Jafali anakana kuti ndilipire. Anati, "Mwana ameneyu ndinamuona ali kumsana, ndim'lipitse lero?" Esinati ndamuimbira, akadikira lole kumsika. Ndiye ngati ukufuna kutsala, tsala, koma dziwa kuti mapoto ako agona kutauni opanda mwini, ndipo kuno palibe choti ukweche.

Ndikupempha ziwiri zokha. Choyamba ndi lamulo la agogo ako. Kutauni adzakuuza kuti chilichonse n'cholipira, ngakhale mpando wokhalira pamaliro. Zina zonse uzilipitsa ndithu, usachite manyazi ndi mtengo wa thukuta lako. Koma kukagwa maliro pafupi ndi pomwe ukukhala, kaya ndi a mpingo wanji, kaya ndi a mtundu wanji, Jubeki apite ulere, ndipo akabwerera ali mwaye um'kweche osadandaula. Ndiwe mlendo kumeneko, ulibe azakhali, ulibe mudzi. Poto ameneyo ndiye adzakupezera abale.

Chachiwiri, Jubeki ndakupatsa, koma pali tsiku limodzi limene udzayenera kubwera naye kuno. Anaphikira maliro a agogo ako, anaphikira a abambo ako, adzaphikirenso anga, pamafuwa omwewo kuseri kwa nyumba, ndipo wogwira mthiko udzakhale iwe. Usalire, sindikufulumira. Ndikufuna ayambe wabwera ku ukwati wako, ndidzakhale pampando wanga n'kukuuza kuti mchere wachepa.

Kiyi ali pansi pa pilo pomwepo. Katsegule uone. Upeza kapoto kanga ka tsiku ndi tsiku, chiwaya cha mandasi, ndi mbale yamaluwa ija inapulumuka ku Kasinje. Imeneyo sindinaipake chikasu. Itsala kuno, ndi yoti uzidyera ukabwera kudzandiona. Ine ndili kwa a NaNgozo, ndathawa maso ako. Ukamaliza kulira usambe kumaso, udzanditenge tidzadye, kenaka ulonge zovala. Minibasi za m'mawa zimadzaza msanga, ndipo ndikufuna ukapeze mpando wa pawindo kuti ndidzakuone bwino ikamanyamuka.

Ndine mayi ako wokuthokoza,
NaNdau